Mwana wanga amutenga ku Berea College, koma akuti azikagwiranso ntchito. Kodi ndi sukulu yeniyeni?

Nachisale, Mufakose

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Chisamba changa, mtsikana amene analemba A-Level chaka chatha, walandira kalata yoti amutenga ku Berea College, ku Kentucky, m'dziko la America. Mafomu anadzaza yekha pa laputopu ya amalume ake. Akuti fizi kulibe. Ndinalulutira mpaka aneba kutuluka, Lamulungu ndinakauza amayi anzanga ku CCAP. Koma dzulo usiku tikuwerenga mapepalawo modekha, tapeza kuti wophunzira aliyense amagwira ntchito maola osachepera 10 pa sabata, ndipo chaka choyamba sasankha yekha. Akuti mwina kutsuka mbale, mwina kukolopa.

Tulo sindinatione. Malemu bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito kuno ku Zimbabwe pa famu ya fodya, kenako anakhala khukhi wa mzungu ku Avondale mpaka kukalamba. Manja awo ndimawaonabe m'maso mwanga, zikhadabo zothetheka ndi sopo. Ankatiuza kuti adzukulu awo adzagwire cholembera basi. Ineyo ndimadzuka 4 koloko kukapikula tomato ku Mbare Musika n'cholinga choti mwanayu asadzakolopere munthu. Ndiye awoloke nyanja kukagwira mopu?

Chinanso, dzina la sukuluyi sindinalimvepo, ana onse akuti sakwana 2,000. Iye akufuna unesi, koma akuti ayamba ndi za mbiri, kulemba ndi zina zotero. Amene mukudziwa, musandibisire.

Mbewe wa ku Highfield

Mayi Nachisale, mtima m'malo. Ndinaphunzitsa mbiri zaka zambiri ndisanapume, ndipo sukulu imeneyi ndimailemekeza. Anaiyambitsa mu 1855 ndi m'busa John G. Fee. Taganizani, nthawi imeneyo ku Kentucky ukapolo unali wololedwa, bambo ake a Fee enieniwo anali ndi akapolo, koma iye anafuna sukulu yoti akuda ndi azungu, anyamata ndi atsikana, azikhala m'kalasi imodzi. Mu 1859 anthu okonda ukapolo anamuthamangitsa pamodzi ndi anzake. Nkhondo yapachiweniweni itatha anaitsegulanso, ndipo mu 1866 panali ophunzira akuda 96 ndi azungu 91. Mawu amene sukuluyi imayendera anawatenga pa Machitidwe 17:26, oti Mulungu anapanga mitundu yonse ya anthu ndi mwazi umodzi.

Mbiri yake ili ndi bala, ndipo ndilitchula. Mu 1904 boma la Kentucky linakhazikitsa lamulo lotchedwa Day Law, loletsa akuda ndi azungu kuphunzira pamodzi, ndipo linkalunjika Berea yomweyi. Sukulu inakamang'ala mpaka ku bwalo lalikulu la milandu la dziko lonse, mu 1908 inagonja. Ana akuda anachotsedwa, n'kuwamangira sukulu ina yotchedwa Lincoln Institute pafupi ndi Louisville. Anabwereranso mu 1950 lamulolo litasinthidwa. Zaka 46 zimenezo zimandipweteka ngati kuti ndinalipo, chifukwa ifenso kuno tikudziwa sukulu za azungu okhaokha.

Za ntchitozo, dziwani kuti fizi ya maphunziro anasiya kulipiritsa mu 1892, ndipo mpaka lero amatenga ana ochokera m'mabanja osowa okhaokha, ambiri ochokera kumapiri a Appalachia, kwa anthu okumba malasha ndi alimi ang'onoang'ono. Mwana wa mwini chuma kumeneko salowa. Bambo anu ankaphikira munthu amene sankagwira mpeni. Kumeneko wotsuka mbale ndi wodyera m'mbalemo ndi anthu amodzi, onse ali ndi mayeso mawa lake.

Carter G. Woodson, mwana wa anthu amene anali akapolo, anakumbapo malasha ku West Virginia ngati mmene achibale athu ankachitira ku Hwange. Anamaliza pa Berea mu 1903, anatenga PhD ku Harvard mu 1912, ndipo mu 1926 anayambitsa sabata yokumbukira mbiri ya anthu akuda, imene lero inakula kukhala mwezi wathunthu wa February. Kumbukiraninso kuti kwathu ku Khondowe, Robert Laws atatsegula sukulu yake mu 1894, ana ankaphunzira mabuku pamodzi ndi ukalipentala ndi kusindikiza.

Nabanda

Amayi, ine ndinakulira ku Dzivarasekwa ndipo ndinaphunzira kumeneko zaka zinayi. Zimene mwawerengazo n'zoona. Chaka choyamba anandiika kukhitchini. Tsiku loyamba nditavala epuloni ndi kaukonde ka kumutu ndinakadzitsekera kubafa n'kulira, maganizo anga anali ngati anuwo. Nditatuluka ndinapeza mnyamata wachizungu, mwana wa wokumba malasha, akupala mpoto waukulu ngati wa pamaliro, buku la chemistry atalitsamiritsa pawindo kuti aziwerenga. Anandisunthira malo pa sinki, basi tinayamba.

Chaka chachiwiri ndinapempha kupita kopanga matsache. Musadabwe, ndi luso lakale la pasukulupo, pamodzi ndi kuluka nsalu, kuumba ndi kupala matabwa, ndipo alendo amagula. Umanyowetsa mapesi a mtundu wina wa mapira, n'kuwakulunga pa mtengo ndi chingwe chokoka mwamphamvu mpaka zala kufiira. Ndinkakumbukira agogo akumanga tsache la udzu pakhonde. Ena amagwira ku famu ya sukulu, ena ku hotela yake yotchedwa Boone Tavern, ena kulaibulale. Zaka ziwiri zomaliza ndinali wothandizira mu labu. Amalipira kandalama kochepa, ka sopo ndi foni, ndipo pomaliza umatuluka ndi chikalata cha ntchito zonse unagwira pambali pa digiri.

Unesi ulipo, asade nkhawa. Kungoti masukulu a mtundu uwu amafuna kuti nesi adziwenso kulemba bwino ndi kutsutsana mwaulemu, n'chifukwa chake amayamba ndi maphunziro osiyanasiyana. Makalasi ake ndi aang'ono, ukajomba aphunzitsi amadziwa ndipo amakufunsa.

Tsiku limene ndimalisowa ndi Mountain Day. Mu October amatseka makalasi tsiku limodzi, ambiri amadzuka kusanache kukwera phiri la pafupi kukaona dzuwa likutuluka, masamba a mitengo ali ofiira ndi achikasu, kwaya ikuimba pamwamba pa thanthwe. Masana kumakhala magule ndi zakudya.

Chovuta chenicheni ndi kusungulumwa. Tauniyo ndi yaing'ono, Lexington ili patali ndithu ngati ulibe galimoto, ndipo kombi kulibe. Mu January kumada msanga, kuzizira kwake kumalowa m'mafupa. Muzimuimbira foni Lamulungu lililonse, ngakhale anene kuti ali bwino.

Phiri, Mabvuku

Achemwali, ine za sukuluyo ndasiyira anzangawa. Langa ndi limodzi: chitupa cha mwanayo chinalembedwa chiyani? Ambiri a ife ana a anthu ochokera ku Malawi tinali ndi zitupa za alien. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amati wobadwira muno malamulowo asanatuluke, amene ankakhala muno nthawi imeneyo, kholo lake lili lochokera m'dziko la SADC, ndi nzika, koma chitupacho umayenera kukasinthitsa wekha usanapemphe pasipoti. Yambani sabata ino. Muwerengenso bwino kalatayo kuti mudziwe zimene sukulu ikulipira ndi zimene zatsalira inu, makamaka tikiti ya ndege.

Nachisale, Mufakose

Zikomo nonse. Aphiri, chitupa chake ndi cha citizen, tinasinthitsa ali Form 4, pasipoti ndiyo tilibe, Lolemba tilawirira. Abambo Mbewe, ndawerengera mwanayo zonse mwalembazi, za mwana wa akapolo uja wandiuza ndibwereze kawiri. Mtima sunakhazikike kwenikweni, mopu uja ndikumuganizirabe, koma usiku wapitawu ndagona.

Nabanda mwanangu, jekete la kuzizira tikagule kuno kukaunjika ku Mupedzanhamo kapena akagule komweko? Ndipo ufa wa nsima umapezeka, kapena ndimulongedzere?