Ana akuchita mantha ndikamawayesa, nditani?

Wophunzira_Salima:
Moni nonse. Ndikuphunzira ntchito ya saikoloji, ndipo anditumiza pasukulu ina kuno ku Salima kuti ndiziyesa ana a Sitandade 2 ndi 3 ndi mayeso oona kaganizidwe ka mwana otchedwa Raven's Coloured Progressive Matrices. Mafunso ake alipo 36, zithunzi zokhazokha, mwana amangoloza kachidutswa kosowako pa tizidutswa 6 tili m'munsi. Koma ambiri akungozyolika, ena akuloza koyambako nthawi zonse. Kamtsikana kena kanandinong'oneza kuti, "Ndikalakwa mundikwapula?" Zinandikhudza kwambiri. Thandizeni.

Mayi Mphunzitsi, Nkhotakota:
Mwana wanga, mlendo wonyamula mapepala ana amamuyesa woyang'anira mayeso. Khalani nawo pamphasa, mucheze kaye za mpira ndi usipa. Muziwayesa mmawa atamwa phala, chifukwa dzuwa la kunyanja kuno likakwera mwana mutu sugwira.

Mkulu wa Ntchitoyi:
Kucheza kuli bwino, koma malangizo a m'buku la mayesowo musasinthe, ndipo nkhope yanu isaulule yankho. Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi ichi: mayesowa anayambira ku Britain, ndipo mlingo wofananizira zotsatira sunachokere kwa ana a kwathu. Musafulumire kulemba kuti mwana ndi wochedwa kumva. Fufuzani ngati wadwala malungo posachedwa, ngati maso ake amaona bwino, ngati kunyumba amayankhula Chiyao. Zotsatira aone okuyang'anirani okha, ndipo makolo avomereze kaye.

Wophunzira_Salima:
Zikomo amayi, zikomo achikulire. Nanga makolo osatha kuwerenga kalata yovomereza?

Mkulu wa Ntchitoyi:
Awerengereni pali mboni, afunse zomwe sanamve, kenako adinde chala. Akakana musawaumirize.