AI ya ofesi yathu tiisunge kuti? Ndikufuna seva yosatimaliza ndi bili

wa_IT_ku_Limbe:

Moni nonse akuluakulu. Ndimagwira ntchito pa ofesi ina yaing'ono kuno ku Limbe, yolembera anthu mabuku a zachuma ndi kuwathandiza pa za msonkho. Tilipo 7, ndipo chilichonse chokhudza kompyuta chimagwera ine.

Abwana athu ndi mayi amene sachita masewera ndi chinsinsi cha makasitomala. Atazindikira kuti anzanga ena amakopera ma statement a kubanki a makasitomala n'kukaponya mu ChatGPT kuti iwasanjire, analetsa pompo. Koma nawonso anaona kuti ntchito imapepuka, ndiye andituma kuti ndipeze njira yoti tikhale ndi AI yathuyathu, yoti mapepala a anthu asamapite kwa aliyense.

Ndaika Ollama (pulogalamu yoyendetsera AI pa kompyuta yako) ndi Open WebUI (tsamba lochezera nayo ngati la ChatGPT) pa laputopu yanga ya RAM ya 16 GB, ndikuyendetsa model, ubongo wa AI-yo, yotchedwa Llama 3.1 8B. Ikugwira, koma yankho limatuluka pang'onopang'ono, laputopu imatentha, ndipo magetsi akazima kapena ine ndikachoka nayo, aliyense wasowa pogwira. Ndiye ndikufuna kuisamutsira pa cloud, kutanthauza pa seva yobwereka pa intaneti. Ndaona AWS, cloud ya kampani ya Amazon, ili ndi malo ku Cape Town, ena akutchula Hetzner, ena akuti Oracle imapereka seva yaulere. Ndisankhe iti? Dziwani kuti tilipira ndi khadi ya kampani, ndipo nkhani ya forex mukuidziwa kale.

aGama_ku_Joni:

Achimwene, musanasankhe kampani, siyanitsani kaye zinthu ziwiri zimene mwazimanga mtolo umodzi. Open WebUI, malo osungira mafayilo ndi ma akaunti a anzanu 7 aja, zonsezo n'zopepuka. VPS (seva yaing'ono yobwereka pa intaneti) ya ma core awiri ndi RAM ya 4 GB imazinyamula bwinobwino, ndipo mtengo wake ndi ma euro kapena madola ochepa pamwezi. Cholemera ndi model. Ndalama zanu zonse zidzathera pamenepo.

Llama 3.1 8B yochepetsedwa ku 4-bit imalemera pafupifupi 5 GB. Pa VPS yopanda GPU (chipangizo chimene chimathamangitsa AI) idzalowa mu RAM, koma liwiro lake lidzafanana ndi la laputopu yanuyo, mwina kucheperapo, chifukwa ma core a VPS yotchipa mumagawana ndi anthu ena. Choipa kwambiri chimabwera mukaipatsa statement ya masamba 20. Isanayambe n'komwe kuyankha imayenera kuwerenga zonsezo, ndipo pa CPU yokha, popanda GPU, kuwerengako kumatenga nthawi yoti mnzanu atope n'kubwerera ku ChatGPT pafoni yake mobisa. Pamenepo cholinga cha abwana anu chafa.

Tsono GPU. Tengani chitsanzo cha seva ya AWS yotchedwa g4dn.xlarge, yomwe ili ndi GPU ya NVIDIA T4 ya 16 GB. Ku America mtengo wake ndi masenti pafupifupi 53 pa ola. Zimaoneka zochepa, koma mwezi uli ndi maola pafupifupi 730, ndiye mukaisiya yoyaka usana ndi usiku bili ikupitirira $380. Ku Cape Town mitengo ya AWS imakhala yokwererapo kuposa ku America. Mukamaiyatsa nthawi ya ntchito yokha, Lolemba mpaka Lachisanu, maola ake ndi pafupifupi 200, bili ikutsikira cha ku $105. Pa AWS makina ozimitsidwa salipiritsidwa, mumangolipira disk. Koma chenjerani, si kulikonse. Ku Hetzner, DigitalOcean ndi Vultr, seva ngakhale mwaizimitsa imawerengedwabe mpaka mutaifufutiratu. Anthu ambiri amadziwa zimenezi invoisi itafika kale. Komanso akaunti yatsopano ya AWS siyamba ndi chilolezo cha makina a GPU, muyenera kupempha quota n'kudikira akuyankheni.

Za kufupika kwa Cape Town kapena Johannesburg, musazipatse mtima kwambiri. N'zoona kuti makampani akuluakulu onse afika kuno ku South Africa: Azure inatsegula ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, AWS ku Cape Town mu 2020, Oracle ku Johannesburg mu 2022, Google Cloud ku Johannesburg mu 2024, ndipo Vultr nayo ili ndi malo kuno. Koma kusiyana kwa ulendo wa data kuchoka ku Blantyre kupita ku Johannesburg ndi kupita ku Germany sikukwana n'komwe theka la sekondi. Pa masewera kapena kuimbirana foni zimamveka. Pa AI imene imatenga masekondi angapo kulemba ndime imodzi, palibe adzazindikire.

Ndikanakhala inu, VPS yaing'ono ndikanaika ku Hetzner, ku Falkenstein (Germany) kapena Helsinki (Finland), chifukwa mtengo wa pamwezi umadziwikiratu ndipo ku Europe amaphatikizamo data yotuluka yambiri, 20 TB, pamene AWS ikadutsa 100 GB yaulere imayamba kuwerengera GB iliyonse. Musadabwe akakufunsani chiphaso potsegula akaunti, amachita zimenezo. Za GPU, yambani mwabwereka kwa maola ochepa kuti muyesere, muone ngati model ya 8B ikukwanitsa ntchito yanu musanalonjeze abwana chilichonse.

NaBanda_Area47:

AGama anena zoona pa za makina, koma akuyankhula ali ku Joni komwe khadi imangodutsa. Ife kuno funso loyamba si mtengo, ndi loti kodi malipirowo adutsa mwezi uliwonse? Pa ofesi yathu khadi inakanidwa pa bili yaing'ono kwambiri chifukwa malire a ndalama zakunja a mwezi umenewo anali atatha, ndipo imelo yochenjeza kuti atseka seva inabwera tili pakati pa ntchito. Seva ikatsekedwa ndipo masiku n'kupitirira, imafufutidwa ndi zonse za m'kati mwake.

Kumbukiraninso kuti kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022, n'kugwanso ndi 44% mu November 2023. Bili ya madola imene munagwirizana ndi abwana kumayambiriro kwa chaka imatha kusanduka ina chaka chisanathe, inu osasintha kalikonse.

Ndiye ine ndikupatsani maganizo ena. Gulani kompyuta ya pa desiki, muikemo GPU ya RTX 3060 ya 12 GB, ngakhale yogwirapo kale ntchito. Model ya 8B imalowamo yonse ndipo imathamanga bwino kwa anthu 7, popeza safunsa onse nthawi imodzi. Ndalama zimene mukanalipira GPU ya pa cloud kwa miyezi ingapo zikwanira kugula makinawo, ndipo mwagula kamodzi basi. Zotsala ikani pa inveta ndi batire. Ofesi ya zachuma iyenera kukhala ndi inveta kale, nanga mumagwira bwanji ntchito kumapeto kwa mwezi magetsi akazima? Amene akufuna kuigwiritsa ntchito ali kunyumba kapena kwa kasitomala alowe kudzera pa Tailscale, pulogalamu yolumikiza makompyuta anu mwachinsinsi pa intaneti, simufunika kutsegula port iliyonse pa rauta.

Chinanso chimene abwana anu adzakondwera nacho: Data Protection Act ya 2024, imene MACRA ikuyang'anira, ili ndi malamulo okhudza kutumiza uthenga wa anthu kunja kwa dziko. Statement ya kubanki ili ndi dzina la munthu, nambala ya akaunti ndi malipiro a antchito ake. Ikakhala pa seva ya ku Finland, yatuluka m'dziko, ngakhale pasiwedi mukuidziwa nokha. Sindikuti n'zoletsedwa, koma muyenera kukhala ndi yankho kasitomala akakufunsani. Ikakhala m'chipinda cha ofesi yanu ku Limbe, funsolo silibwera.

pingmaster265:

Ndiyankhepo za Oracle poti palibe wazikhudza. Makina awo aulere a Ampere A1 ankafika ma core 4 ndi RAM ya 24 GB, koma onani tsamba lawo lero chifukwa zaulere zimasintha. CPU yake ndi ya mtundu wa ARM, alibe GPU, ndiye vuto la liwiro lija likhalapobe. Dera limene mwasankha potsegula akaunti simungalisinthe, ndipo nthawi zambiri mumapeza uthenga woti malo adzaza. Malamulo awonso amanena poyera kuti makina aulere amene akungokhala osagwira ntchito akhoza kulandidwa. Kuphunzirirapo ndi abwino kwambiri. Mabuku a makasitomala ayi.

Ndipo kulikonse kumene muike, Ollama ilibe pasiwedi yakeyake. Imamvetsera pa port 11434, ndipo mwachibadwa imangolola kompyuta yomweyo. Malangizo ambiri a pa intaneti amati musinthe OLLAMA_HOST kukhala 0.0.0.0, kutanthauza kuti ilole makompyuta ena onse, kuti zilumikizane mosavuta. Mukatero pa seva ya pa cloud popanda firewall yotchinga anthu akunja, aliyense padziko akhoza kugwiritsa ntchito GPU imene mukulipira inu. Mu Open WebUI, mukangopanga akaunti yoyamba ya admin, onetsetsani kuti kulembetsa kwa anthu atsopano kwatsekedwa.

wa_IT_ku_Limbe:

Zikomo kwambiri nonse. ANaBanda, inveta ilipo koma ndi yaing'ono, imangonyamula rauta, printa ndi magetsi a m'chipinda cha abwana. Ndifunsa amene anatiikira ngati ingapirire kompyuta ya GPU. Chikundidetsa nkhawa ndi kuba ndi moto. Makina akakhala amodzi mu ofesi, akapita ndiye zonse zapita. Kodi ndingasunge backup pa cloud osaphwanya chinsinsi chija? Ndiponso makalata ena timalembera makasitomala a m'misika m'Chichewa. Llama yanga ikayesa Chichewa imalemba zinthu zosamveka. Kodi model yaikulu ingathandize?

aGama_ku_Joni:

Backup ndi pamene cloud ikukuyenererani bwino. Gwiritsani ntchito restic kapena BorgBackup, zimabisa mafayilo ndi kiyi asanachoke mu ofesi, ndiye kampani yosungayo imangoona zinthu zosawerengeka. Backblaze B2 kapena Storage Box ya Hetzner zikwanira, ndipo bili yake ndi yaing'ono moti khadi singavutike nayo ngati mmene ingavutikire ndi GPU. Ma model musawasunge kumeneko, mutha kuwakokanso nthawi iliyonse. Sungani database ya Open WebUI ndi mapepala okha. Kiyi ilembedwe papepala, ikhale kwa abwana, osati pa kompyuta yomweyo.

Za Chichewa, model yaikulu imayesako bwino koma siifika poti mungatumize kalata osaiwerenga. Ya 70B imafuna GPU memory yoposa 40 GB ngakhale itachepetsedwa, ndipo makina otero ali kutali ndi bajeti yanu. Ma model amenewa anaphunzira Chichewa chochepa, komanso amadula mawu athu tizidutswa tambiri kuposa a Chingerezi, choncho kalata yomweyo imadya nthawi yambiri. Ilipo NLLB-200 imene Meta inatulutsa mu 2022, yomasulira yokha, ndipo Chinyanja chilimo. Mtundu wake waung'ono umayenda ngakhale pa CPU, koma laisensi yake siilola ntchito za malonda, ndiye pa ofesi yanu sikukwanira. Makalata a Chichewa alembe munthu. AI muipatse kusanja ma statement ndi kufufuza m'mafayilo, ndipo manambala aliwonse amene yatulutsa wina awatsimikize mu Excel, chifukwa model ya 8B imalakwitsa kuphatikiza ndipo imapereka yankho lolakwikalo molimba mtima.

NaBanda_Area47:

Pofunsa za inveta muwauze kuti RTX 3060 payokha imakoka mawati pafupifupi 170 ikamagwira ntchito, ndiye kompyuta yonse muiwerengere 300 kapena kuposerapo pang'ono. Printa ya laser muichotsepo pa inveta imeneyo, imakoka moto wambiri ikamayamba kusindikiza ndipo ikhoza kukuzimitsirani zonse.