Kalendala ya pa foni ya Amalume ndi tsiku la chiliza

Achimwene a ku Lusaka: Mwauka bwanji nonse. Nkhani ziwiri lero: tsiku la chiliza cha Ambuya, ndi foni ya Amalume. Mwezi uno tsiku la Amalume lokaonetsa maso ku chipatala cha Mwami linangodutsa, aliyense poganiza kuti mnzake wawakumbutsa. Kalendala yaulere ndinatumiza ija mwawaikira?

Mlongo wa ku Kapata: Tinaiyesa dzulo madzulo, Achimwene. Ndi yokongola kwa ife oona. Koma TalkBack, ija imawawerengera Amalume za pa foni mokweza poti saona, ikafika pa mabatani ake ingoti batani, batani, osanena kuti ndi lochitira chiyani. Kenaka chithunzi cha malonda chinadzaza foni yonse. Kamtanda kotsekera Amalume anakasaka ndi chala mpaka anatula foni pa mpando. Ndaichotsa.

Achimwene a ku Lusaka: Nanga ija inabwera kale ndi foni?

Mlongo wa ku Kapata: Ya Samsung ilibe malonda, mabatani ake amawerengeka, ndipo sifuna kudawunilodi. Vuto ndi lakuti imatsegukira pa mwezi wonse, timabokosi 7 mzere uliwonse, mizere 5 kapena 6. Kuti afike pa 28 ayenera kukhwekhwereza chala kumanja kambirimbiri, akumva masiku opanda kanthu.

Amalume (uthenga wa mawu): Ana inu, zikomo pondiganizira, koma ndifunseni mwini wake. Ine mwezi wonse sindiufuna. Ndifuna nditatsegula ndimve chili mawa, ndi chotsatira chake, basi. Google Calendar ili ndi kaonekedwe kotchedwa Schedule, kamene kamandandalika zinthu chimodzi pansi pa chinzake. Ndikakhwekhwereza kamodzi ndamva, ndikagogoda kawiri yatseguka. China, polemba musachulutse mawu. Liwu la mu foni muno ndi la Chingerezi, Chichewa limachitafuna moti dzina la mudzi wathu sindilizindikira. Yambani ndi mawu amodzi ofunika: Mwami, mankhwala, chiliza. Moni ndi madalitso munditumizire pa WhatsApp.

Azakhali a ku Johannesburg: Mwamva? Achimwene anga aphunzitsa ana a anthu moyo wawo wonse, adziwa chimene afuna. Ine yanga ndi iPhone, ndidzaona nawo bwanji?

Mzime: Azakhali, Google Calendar iliko ndi pa App Store. Ine nditsegula kalendala imodzi ya banja pa kompyuta, ndiitumize ku Gmail ya aliyense. Chimene chalembedwa kuno chioneka konse. Ndipo popeza ikhala pa akaunti, foni ya Amalume ikatayika kapena kufa, masiku satayika nayo. Mu kalendala ya Samsung ukasunga pa foni pokha, zimapita ndi foniyo.

Alamu a ku Katete: Nanga mabandulo? Amalume sakhala nawo tsiku lililonse, ndipo magetsi akazima netiweki imavuta.

Mzime: Intaneti ifunika pongolandira chatsopano. Chikalowa mu foni, belu lilira ngakhale bandulo yatha. Koma tsiku likasintha mwadzidzidzi, tiwaimbire ndithu.

Mlongo wa ku Kapata: Ine pempho langa, olemba asachuluke. Tikapatsa aliyense mphamvu yosintha, Amalume adzamva chiliza katatu pa maola atatu osiyana, ndipo iwo sangaponye diso n'kuona kuti ndi chinthu chimodzi. Ena onse azingoona.

Achimwene a ku Lusaka: Ndavomera. Olemba ndi inu Mlongo ndi Mzime. Tsopano chiliza. Ine ndimati Chiweru chomaliza cha Ogasiti.

Alamu a ku Katete: Iyayi Alamu, limenelo ndi tsiku la Kulamba ku Mkaika. Mafumu a kuno, a ku Malawi ndi a ku Mozambique onse amakhala kwa Kalonga Gawa Undi. Minibasi simuipeza, ndipo a mfumu a kumudzi sadzakhalapo kuti atitsegulire kumanda.

Azakhali a ku Johannesburg: Chiweru chachiwiri cha Seputembala bwanji? Mvula ikadali kutali, ndipo ine tchuthi ndingapemphe.

Amalume (uthenga wa mawu): Limenelo lili bwino. Muliike kuti lindikumbutse kawiri, kutatsala sabata ndi kutatsala tsiku, kuti ndikonzetse jekete. Mankhwala odontheza m'maso akhale pa 06:00 ndi 18:00 tsiku lililonse, belu lokweza.

Mzime: Amalume, za mankhwala ndiika pa alamu ya wotchi, chifukwa imalira mpaka mutaizimitsa. Kalendala imangolira kamodzi, mukakhala panja simumva.

Mlongo wa ku Kapata: Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndipita ndi Mzime. Schedule tiisiya yotsegula, chizindikiro chake tichiike pakona ya kumunsi kumanzere, pamene chala chawo chinazolowera. Ayese okha ife tili chete.

Achimwene a ku Lusaka: Zikomo. Zopereka za simenti ndi mwala zifike kwa Alamu isanathe Julayi. Mzime, chimenecho chikhale choyamba kulembedwa.