Thandizeni, kasitima kanga kakuima pamalo amodzimodzi

Anzanga muli bwanji, ine ndili kuno ku Chilenje. Amalume anandibweretsera kasitima kachidole koyendera magetsi ka kampani ya Hornby kuchokera ku London, ka saizi ya OO (1:76, kochepa ka 76 poyerekeza ndi sitima yeniyeni), ndiye ndinagula pulaiwudi ya mamita 1.2 ndi 2.4 ku Buseko nkukhomerapo njanji mu galaji.

Manje vuto ndi ili, kamayenda bwinobwino koma kakafika pakona yakutali ndi controller (kabokosi kotumiza magetsi ku njanji) kamayamba kutsokomola kenako zii. Ndimaganiza ndi fumbi la Okutobala lija, ndapukuta njanji ndi spirit kangapo koma palibe chasintha, mwina ma joiner (tizitsulo tolumikiza njanji) alepuka sakudutsa magetsi? Ndiwachite solder (kuwotcherera ndi mtovu) kapena ndikokere mawaya ena pansi pa bolodi mpaka pakonapo?

China, ndikufuna mlatho ngati wa Victoria Falls (madam akuti ndapenga, zilibe kanthu). Ndinakweza njanji masentimita 8 pa mita imodzi ndi hafu, injini ikungoterereka ndi mabogi atatu chabe. Ndikatsata chikweza cha 2 peresenti (masentimita 2 pa mita iliyonse) pafunika mamita 4, pabolodi langa ndiwapeza kuti? Amene munamangapo, munazungulitsa bwanji?