Madzi akulowa m'chipinda chapansi, pulasitala yakanika

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu thandizeni msanga. Ndili pa site ku Namiwawa, nyumba ya pamtsetse, chipinda chapansi chinalowa m'phiri ndipo khoma lakumtunda lakwiririka ndi dothi pafupifupi mamita 2. Mvula ikangogwa usiku, m'mawa madzi adikha pansi. Akutulukira pa joini ya khoma ndi silabu, kwina khoma lonse langonyowa. Womanga sanaike ma weep hole (timabowo totulutsira madzi pakhoma), paipi yotulukira kunja palibe. Chaka chatha wina anapaka pulasitala ya Sika mkati, pano ikumatuka, penti watupa, mchere woyera uli ponseponse. Mwini wake akufuna matailosi mwezi uno poti wapeza kale wa lendi, ndiye akukana kuti ndiswe khonde la konkire lili kumtundako. Nditani?

Madala a Zingwangwa: Iswani khondelo mukumbe. Madzi amatsekedwa kumene akuchokera. Kumbani mpaka pa futing'i (konkire ya pansi pa maziko), tsukani khoma, matani torch-on (chinsalu cha phula chomata ndi moto) kapena pakani phula makoti atatu, ikani paipi yoboola ya mamilimita 110 pansi, bidim (chinsalu chosefa dothi), miyala ya kwale, kenako mukwirire. Paipiyo ikhale ndi folo, kutanthauza yopendekera kumunsi, ikatulukire kumunsi kwa plot. Zina zonse n'kudya ndalama za munthu.

Mayi Foromani: Madala, kukumba mamita 2 mu Januwale? Dothi la katondo likakhuta madzi limagumuka osachenjeza. Ku Zomba tinafukula mnyamata atakwiririka mpaka m'chiuno mu ngalande yosafika n'komwe pamenepo, mwendo unathyoka. Achimwene, musalowetse anyamata m'dzenje lopanda matabwa otchingira. Ngati n'kotheka dikirani Meyi.

Pulambala: Musanaswe kanthu kwerani kaye padenga. Ma downpipe, mapaipi otsitsa madzi a padenga, akuthira kuti? Ndinapezapo nyumba ku Area 47 yomwe madzi onse a denga ankathera pakona imodzi n'kulowa m'maziko. Komanso tsekani matepi onse muone ngati mita ya Water Board ikuyenda. Paipi yosweka pansi pa khonde imapusitsa anthu ambiri.

Wa ku Chilomoni: Mita siikuyenda, ndayesa. Koma downpipe imodzi ikuthiradi pakhondepo, ndipo khondelo lapendekera kukhoma.

Madala a Zingwangwa: Mwaonatu. Khondelo ndi lomwe likumwetsa khoma. Iswani.

Wa ku Joni: Kuno timatha kugwira mkati osakumba. Dulani silabu m'mbali mwa khoma, ikani ngalande, madzi apite mu sump (kadzenje kosonkhanitsira madzi), pampu iziwatulutsa. Pa joini dulani V ndi tchizulo, pangani fillet (kudzaza ngodyayo ndi matope a simenti), kenako slurry (simenti yamadzimadzi yotseka madzi). Pulasitala ya chaka chathayo mwina anaipaka pamwamba pa penti, n'chifukwa chake ikumatuka.

Mayi Foromani: Pampu ndi magetsi a kwathu kuno? Mvula yamkuntho ndi imene imazimitsa magetsi, nthawi yomwe pampu ikufunikira. Nthawi ya Freddy, Malichi 2023, Blantyre inakhala mumdima mvula ikukhuthuka masiku angapo. Chipinda chotere chikanadzaza.

Madala a Zingwangwa: Ndipo wa ku Joni, mukatseka mkati madzi apita kuti? Akhala kuseri kwa khoma akukankha. Madzi akuya mita imodzi, pansi pake amakankha ngati tani imodzi pa square metre. Khomalo ndi la chiyani, mabuloko odzaza konkire kapena njerwa za 9 inchi? Ngati ndi njerwa zopanda zitsulo, mukatseka bwinobwino mkati mukulikonzera kugwa.

Wa ku Chilomoni: Njerwa zootcha madala. Pali kamng'alu kopingasa chapakati.

Mayi Foromani: Iii achimwene, mng'alu wopingasawo mukananena poyamba. Ikani straight edge (chitsulo kapena thabwa lowongoka) muone ngati khoma latuluka mimba. Likatero ntchitoyi yaposa ya pulasitala, itanani injiniya. Ndipo mwini nyumba asaine pepala loti wakana kukumba. Khomalo likadzagwera anthu a lendi dzina lomveka lidzakhala lanu, osati la amene anamanga.

Pulambala: Pepalalo n'lofunika. Ine bwana wina anandikaniza kusintha mapaipi, siling'i itagwa anandidula ndalama ya leba yonse. Mpaka lero sanandipatse.

Wa ku Joni: Anthu oterowo ndi ambiri, kunonso alipo. Paja simenti ili pa bwanji kumeneko masiku ano? Ndikufuna kutumiza ya fensi kumudzi.

Madala a Zingwangwa: Za simenti funsani pena. Mwana wanga wa ku Chilomoni, lero lomwe patutsani downpipe ija ndi paipi ikathire kutali, phimbani khonde ndi pepala lakuda, matailosi musaike. Mvula ikatha mukumbe mita ndi mita, osati khoma lonse nthawi imodzi. Ndipo pokwirira musabwezeremo katondo yemweyo.

Pulambala: Wa ku Joni ndiimbireni madzulo, pali hardware ina ku Limbe imapereka ndi transport.