Kamwana kanga kali m'galasi, akuti magazi alowa tizilombo

Membala wobisa dzina:
Admin ndibiseni dzina. Kwathu ndi ku Angónia koma ndili pa chipatala china kuno ku Tete. Ndinabereka masiku asanakwane, kamwana kali m'galasi ku berçário, chipinda cha ana akhanda. Kamayenda bwino ndithu, koma dzulo usiku enfermeira anati kakumasiya kupuma, kamimba katupa, mkaka wa m'kapaipi ukubwerera. Akuti magazi alowa tizilombo. Zilowa bwanji mwana osatulukako panja? Apongozi akuti ndine, chifukwa ndinkagulitsa kachewere pamsika mimba ili kutsogolo. Iwowo chibwerereni sanagule ngakhale sopo, ndalama zimene bambo a mwana anatumiza kuchokera ku Moatize akuti zinathera pa chapa, maminibasi aja. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, ndikugona pasimenti, chitenje changa chatsopano chabedwa pachingwe. Tsopano adokotala akufuna kuchotsa madzi a pamsana. Ndivomere?

Mkango wa ku Zóbuè:
MUSAVOMERE MAYI!! Madzi a pamsana ndi moyo wa munthu. Komanso ilo ndi tsempho basi. Ndani wagwira mwanayo? Pali wina walowa ali wotentha. Funsani bwino bambo akewo zimene akuchita ku Moatize.

NaPhiri wa ku Ulóngwe:
Pepani mana. Wanga anabadwanso choncho, ndinkamunyamula ndi dzanja limodzi. Ine chimene chinandipweteka ndi achemwali anga, anafalitsa mudzi wonse kuti ndapititsa padera mwana ali moyo. Mpaka lero sitiyankhulana. Pano ali ku sukulu, amadya kuposa bambo ake.

Wophunzira unamwino, Matundo:
Mayi, mwana anabadwa ndi sikelo yanji, pa masabata angati, ndipo watha masiku angati? Zimenezi ndiye zofunika. Matenda a m'magazi akayamba pasanathe maola 72, kawirikawiri tizilombo timachokera m'njira ya mayi pobereka. Akayamba patadutsa maola 72, nthawi zambiri mwana watitengera pamene ali: m'manja mwa omugwira, pa kasingano ka soro (diripi), pa kapaipi kolowa pamchombo kapena mumtsempha. Ana osakwana magalamu 1,500 ndiwo amagwidwa kwambiri, khungu lawo ndi lopyapyala, chitetezo sichinakhwime. Galasi limafunditsa, silitchinga tizilombo.

Mkango wa ku Zóbuè:
Mwamva? Wanena yekha kuti M'MANJA MWA OMUGWIRA. Ndi zomwe ndikunenazo. Makolo ankadziwa, n'chifukwa chake kunali chikuta.

Wophunzira unamwino, Matundo:
Bambo, ine ndikunena Klebsiella ndi Staphylococcus, mabakiteriya amene amachoka ndi sopo kapena sipiriti wa m'manja. Si za kuchipinda ayi.

Mkango wa ku Zóbuè:
Mayina a Chizungu asakunamizeni. Ndalera ana asanu ndi awiri, iwe walera angati?

Jojo Wamatama:
Ine nkhani ya chitenje yandikhudza. Amene waba chitenje cha mayi wa ku berçário, kutentha kwa Tete ndi chiyambi chabe cha kumene akupita.

Mayi Busa:
Kuseka pa nkhani ya mwana wodwala? Chitani manyazi. Nanunso mayi, kusikelo munkapita? Atsikana a masiku ano mumayamba sikelo mimba itafika pakhosi. Komanso apongozi sitiwabweretsa pa Facebook.

NaPhiri wa ku Ulóngwe:
Amayi Busa, ine ndinayamba sikelo msanga koma anabadwabe asanakwane. Musamuweruze mnzanu ali pamoto. Iwe mana, finya mkaka ngakhale mwana amuimitsa kudya, usiku womwe, apo ayi mawere auma. Akadzayambiranso, wako ndiwo umamuteteza m'matumbo kuposa wa m'chitini.

Bambo a Tadala, Furancungo:
Wathu anamuchotsa madzi a pamsana ndipo akuyenda bwinobwino. Amatenga timadontho tochepa, thupi limapanganso ena. Amafuna aone ngati tizilombo tafika ku ubongo, chifukwa zikatero mankhwala amasintha ndipo amaperekedwa nthawi yaitali, masabata awiri kapena atatu. Anthu amati singanoyo imapha chifukwa ana amene amawabayawo amakhala adwalika kale. Chimene chinandisautsa ine ndi msewu wathu nthawi ya dzinja, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mkango wa ku Zóbuè:
Wanu anachita mwayi. Mayi, mutulutseni mwanayo mudutse naye pa Mwanza, ku Blantyre si kutali. Mukafika kuno mundifunse, pali agogo ena odziwa za liwombo.

Wophunzira unamwino, Matundo:
Chonde musamutulutse. Kamwana kosiya kupuma sikangapirire chapa, kazizira panjira. Ana otere kawirikawiri sachita kutentha thupi kuti mudziwe, ambiri amazizira n'kufooka. Funsani ngati anatenga magazi okameretsa tizilombo ku labu, zotsatira zimatenga masiku awiri kapena atatu. Kawirikawiri amayamba ndi ampicillin ndi gentamicin, koma tizilombo ta m'chipatala tina sitimva amenewa, ndiye amasintha. Funsaninso za kangaru, ngati angalole kuti mumuike pachifuwa. Musanamugwire vulani mphete ndi zibangili, sambani mpaka m'zigongono, foni musaigwirenso. Sikelo yake ija simunatiuzebe.

Mayi Busa:
Kangaru ndi chiyaninso? Ife tinkabereka kumsana ana n'kukula.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Bambo a mwana akuti abwera Loweruka, apongozi akuti sindingasaine kanthu iwo asanafike. Chitenje chija ndachiona, wavala mayi wina wa bedi la pakhomo.

Bambo a Tadala, Furancungo:
Loweruka ndi kutali mayi. Aimbireni foni pompano, ayankhule ndi adokotala.

Mkango wa ku Zóbuè:
Akabwera asalowe msanga. MUMUFUNSE KAYE.