Website ikugwabe ngakhale ndaika Cloudflare, vuto ndi DNS kapena chani?

Kadzidzi_265:
Akuluakulu ndithandizeniko. Ndimayang'anira website ya kalodge kena ka kunyanja, ili pa VPS (server yobwereka ku kampani ya hosting). Masiku ano ikumangofa, ma log akuonetsa ma request ambirimbiri ochokera ma IP (ma adiresi a makompyuta pa intaneti) osiyanasiyana mpaka nginx, pulogalamu yomwe imatumiza masamba kwa alendo, kusiya kuyankha, a hosting akuti ndi DDoS, kutanthauza kuti anthu akuidzaza dala ndi traffic kuti igwe. Ndinasintha ma nameserver (osunga DNS, yomwe imamasulira dzina la domain kukhala IP) kupita ku Cloudflare, kampani yomwe imaima pakati pa alendo ndi server nkumasefa traffic yoipa, A record (yoloza dzina ku IP ya server) ya domain ndi ya www zonse kamtambo kali orange kusonyeza kuti traffic ikudutsa ku Cloudflare, koma zikuchitikabe ndipo abwana akungondiimbira kuti ma booking sakulowa. Ndiye Cloudflare yo ikugwira ntchito yanji?

Mjomba_wa_Linux:
Aise, kamtambo ka orange kamabisa IP ya server pa record yokhayo yomwe mwayatsa basi. Ngati anthu omwe akukumenyaniwo IP yeniyeni akuidziwa kale sadutsanso ku Cloudflare, akungomenya server mwachindunji, zili ngati kuika mlonda pageti pomwe mpanda wakuseri uli ndi chibowo. Taonani ma record enawo, mail, ftp, webmail, cpanel, nthawi zambiri amakhala grey (sadutsa ku Cloudflare) ndipo amaloza pa VPS yomweyo. Lembani command ya dig MX ndi domain yanu muone MX (record yonena komwe email yanu imapita) ikuloza kuti, chifukwa pa Cloudflare yaulere kamtambo ka orange sikadutsitsa email ayi, ndiye record ya mail imaonetsa IP poyera. Onaninso TXT ya SPF (record yonena ma server ololedwa kutumiza email ya domain yanu), mumakhala ip4: ndi IP yonse ili pomwepo. Komanso masamba ngati SecurityTrails amasunga ma record akale, munthu angoona IP yomwe domain inali nayo musanasamuke.

AchemwaliDev:
Zomwe anena Mjomba nzoona. Pemphani IP yatsopano kwa a hosting, yakaleyo yadziwika kale. Email muichotse pa server imeneyo, ipite ku Zoho kapena Google Workspace. Kenako pa firewall, port 80 ndi 443 zizilola ma IP a Cloudflare okha, mndandanda wake uli pa tsamba lawo. AAAA record (yoloza ku IP ya mtundu wa IPv6) musaiwale, anthu amabisa IPv4 nkusiya IPv6 ili pambalambanda. Pakadali pano yatsani Under Attack Mode ya Cloudflare, yomwe imadikiritsa mlendo pang'ono kuti ione ngati ndi munthu weniweni, koma musaisiye masiku ambiri, makasitomala a network yofooka amatopa nako kudikira kuja nkutseka tsamba.

Mjomba_wa_Linux:
Koma firewall yokha popanda IP yatsopano musaidalire kwambiri. Akatumiza traffic yochuluka zedi imadzaza chingwe cha server isanafike nkomwe pa firewall, ndipo ma hosting ena amangoithimitsa IP yo kuti makasitomala anzanu asavutike nawo. Mwa njira ina DNS yeniyeniyo imamenyedwanso, mu October 2016 Mirai botnet (gulu la zipangizo zomwe akuba analanda pa intaneti) inamenya kampani ya DNS yotchedwa Dyn mpaka Twitter ndi Netflix osatseguka kwa anthu ambiri ku America, koma kalodge kanu sikali pa level imeneyo kkkk.

Kadzidzi_265:
Ndaona, mail ikulozadi pa VPS yomweyo, SPF nayo IP ilimo. Ndiyambe chiti, IP yatsopano kapena email?

AchemwaliDev:
Email kaye achimwene. Musinthe MX, mufufute record ya mail ndi ftp, mukonze SPF, mudikire makalata ayambe kulowa kwatsopanoko, kenako mupemphe IP. Mukayamba ndi IP mudzailembanso mu record ya mail tsiku lomwelo ndipo aja aipeza mawa lake.